Galimoto imene inkalira ndikagwada

Mpaka lero ku Namwera kuli mudzi wina umene suligwiritsa ntchito dzina langa lenileni. Amanditchula aHutala. Ana amathamangira galimoto yanga akukuwa dzinalo, ndipo apongozi anga akati awaletse, nawonso amayamba kuseka.

Ndinakulira ku Nkope kwa anganga, mayi awo a malemu mayi anga. Ndinakula wosalankhulalankhula. Zonse zimene ndimadziwa, kusoka ukonde, kumata chubu, kukonza wailesi, ndinaziphunzira pongoyang'ana ena akuchita. Kufunsa ndiye ayi (kufunsa kumafuna kutsegula pakamwa).

Nditayamba uphunzitsi ndinagula galimoto yakale kwa msilikali wina amene ankasamuka. Injini inali bwino, koma chitseko cha dalaivala chinasiya kalekale kutseguka ndi kiyi. Ndinkalowera mbali inayo n'kudumpha giya ngati mbuzi pa mpanda. Sizinkandivuta, mpaka pamene tsiku lokaonekera kwa makolo a bwenzi langa Asiyatu linayandikira. Asiyatu anandichenjeza kuti mawu omaliza ali ndi amjomba ake (amalume ake), Che Bwanali, amene anabwezapo mnyamata wina chifukwa cholowa m'mudzi wailesi ikulira. Asiyatu anali atawauza kale kuti ine ndine wofatsa, wopanda phokoso. Ndiye wofatsayo potsanzika akalowe m'galimoto chokwawa, mudzi wonse ukuona? Tulo tinayamba kundithawa.

Ndinapita m'tauni ya Mangochi n'kugula rimoti yotsegulira zitseko, pamodzi ndi kabokosi kake ndi mtolo wa mawaya. Kuseri kwa msika ndinapeza makaniko akuika yofanana nayo mu minibasi. Ndinaima chapatali ngati ndikudikira munthu, maso ali pa manja ake. Ndinaona zonse, kupatula pamene lole ya simenti inaima pakati pathu.

Kunyumba ndinalumikiza zonse monga ndinaonera. Unatsala waya umodzi, wofiirira. Ndinauyang'ana, ndinazungulira galimoto, ndinamwa madzi, ndinauyang'ananso. Pomaliza ndinaulumikiza ku waya wina pansi pa chiwongolero umene unkaoneka kuti nawonso ulibe unzake. Nditadina batani, zitseko zinati khwa, hutala n'kuti pi! Ndinakondwa. Si momwemo zimachitira galimoto za mabwana? Sindinaganize zoyesa kudina kwa nthawi yaitali.

Tsikulo ndinavala thalauza latsopano limene telala analithinitsa pang'ono, rimoti ili m'thumba lakutsogolo. Anganga anakhala kutsogolo, ankhoswe anga, a Jafali oyandikana nawo nyumba, kumbuyo. Tinakwera mapiri a ku Namwera ine thukuta lili kamukamu. Galimoto ndinaiimika pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi bwalo, ndipo ndinaikiya ndili chapatali kuti aliyense aone.

Akuluakulu anali atakhala pa mkeka, Che Bwanali pa mpando. Ndinavula nsapato, ndinayandikira, n'kugwada kuti ndiwapatse moni. Bondo litangogunda pansi, hutala inalira, osati pi uja, koma kulira kwenikweni kosalekeza. Nkhuku zinabalalika. Ndinadzambatuka kuti ndione, ndipo inasiya.

"Mwasiya ndani m'galimotomo amene akufulumira chonchi?" anafunsa Che Bwanali.

Ndinayankha kuti mulibe munthu. Anatuma mdzukulu wawo kukasuzumira, ndipo anabwera n'kutsimikiza kuti mulibedi. Amayi ena anayang'anizana.

Ndinasunthira kwa mayi ake a Asiyatu. Kugwada, hutala. Kudzuka, zii. Kwa azakhali ake chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinamva kabatani kakundidinda pa ntchafu, ndipo ndinazindikira kuti woliza hutala ndine ndemwe, ine ndi telala uja. Koma ndikanatani? Kupisa dzanja m'thumba pamaso pa akuluakulu ndi mwano. Kupereka moni uli chilili ndi mwano woposa. Ndipo panatsala mzere wonse wa anthu oti ndiwagwadire.

Ndinayesa njira yapakati. Ndinkapinda bondo limodzi, mwendo wa rimoti uli tambalale kumbali, ngati munthu amene akuyesa kuya kwa madzi. Hutala inakhala chete, koma tsopano ndinamva agogo ena akunong'ona kuti mkamwiniyu mwina ndi wolumala, Asiyatu sananene bwanji? Wina anati ayi, n'kunyada kwa aphunzitsi. Kukhitchini ndinamva Asiyatu akugwetsa mbale. Che Bwanali anali atasiya kundiyang'ana, akuyang'ana a Jafali, monga mmene munthu amayang'anira wogulitsa nsomba zoola.

Ndinaganiza kuti bola phokoso kusiyana n'kutchedwa wonyada. Ndinagwada ndi mawondo onse awiri pamaso pa agogo aja, ndipo hutala inalira mpaka moni wawo sindinaumve.

Anganga sanayang'aneko kugalimoto ngakhale kamodzi. Nthawi yonseyi ankayang'ana thumba langa (kuyang'anitsitsa kwangaku ndinatengera iwo). Anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno kachidole kakoko."

Ndinakatulutsa n'kuwapatsa. Anakakweza m'mwamba kuti onse akaone, anadina, hutala n'kulira, anasiya, n'kusiya. Kenako anatembenukira kwa Che Bwanali.

"Mwanayu ndamulera ndekha. Kugwada ndinamuphunzitsa, mwaona nokha kuti sakusiya ngakhale zikumuchititsa manyazi. Chimene chinandikanika n'kumuphunzitsa kufunsa. Chimenecho mwana wanu akayesereko."

Che Bwanali anapempha kuti agwireko kachidoleko. Anadina kamodzi, kenako kawiri, kenako anagwirizira mpaka mbuzi ya pakhomo inadula chingwe. M'pamene anaseka, mpaka kuvula chisoti. Ukwati anauvomera, koma anauza a Jafali kuti pa tsiku la nikaha, ukwati wa Chisilamu, galimotoyo idzatsale kumsewu waukulu, mkamwini adzalowe m'mudzi wapansi.

Waya wofiirira uja ndikanatha kuuchotsa tsiku lomwelo, koma rimoti sinabwererenso kwa ine. Anganga anaimanga pa ngodya ya chitenje chawo. Akafuna madzi, kapena akaona kuti ndachedwa kudzuka, amadina. Ine ndabwerera kolowera mbali inayo n'kudumpha giya.

Sabata yatha Asiyatu anati tiike sola padenga, ndipo anandipempha kuti chonde, ulendo uno ndikafunse odziwa. Ndinavomera. Ndapeza kale nyumba ina imene akuika, ndipo pali mtengo wabwino woimapo, woonekera zonse.