Osesa Awiri, Tsache Limodzi

Lolemba

Uthenga wabwera ndi dalaivala wa lole ya nsomba: bwana wa zaumoyo akubwera Loweruka kuchokera ku Zomba kudzayendera masitolo onse a pa Kachulu. Wopezeka ndi uve, laisensi amulanda. Ine tiyirumu ndi kagolosale zili denga limodzi, laisensi imodzi. Akatseka, banja lonse tidya mamba a nsomba.

Ndaima pakhomo, ndikuyang'ana m'kati ngati mlendo. Mayo ine! Zimene ndikuona:
matope a kudoko, kuyambira pakhomo mpaka pakauntala;
mamba a nsomba za makumba pansi pa mabenchi;
akangaude amanga mudzi kuseri kwa chithunzi cha Mtsogoleri, mlandu woti nkugona nawo m'chitokosi;
ntchentche, koma izi ndi makasitomala akale.

Ndiye ndilemba wosesa, monga amachitira masitolo aakulu a m'tauni. Funso ndi limodzi: wa masana kapena wa usiku? Ofuna ntchito alipo awiri. Anachisale, mayi wamasiye woimba kwaya kutchalitchi kwathu, akuti masana. A Mulipa, msodzi wakale amene bwato lawo linawola, akuti usiku. "Fumbi limagwidwa bwino lili m'tulo," akutero.

Nzeru zandibwerera: ndiwayese onse sabata ino, wopambana atenge ntchito. Ndagula tsache la mpini, lochokera ku Zomba, azisiyirana. Mkazi wanga, amake Lute, angoti, "Tiona."

Lachiwiri

Anachisale afika kusanache bwino, ndowa pamutu, chikolopa m'manja. Akukolopa uku akuimba. Pansi pawala! Kani simenti yangayi ndi yofiira? Ndinaiwala.

Kavuto kamodzi: sakusiya. Kasitomala akalowa, iwo ali pambuyo pake ndi chikolopa, kufufuta phazi lililonse. Asodzi atafika kuchokera kunyanja, awaimika pakhomo. "Mapazi amenewo mulowa nawo muno? Tsukani kaye!" Beseni aika pakhonde, ndi kasopo komwe. Asodzi ayang'ana beseni, ayang'anana, awoloka msewu kukamwa tiyi kwa Che Bwanali.

Masikono atsala dengu lonse. Tadya tokha madzulo, ndiwo matemba.

Usiku uno ndi wa a Mulipa. Ndawapatsa kiyi, koloboyi ndi tsache. Amake Lute: "Abambo a Lute, kusesa usiku? Mukusesa mwayi wanu womwe." Zakale zimenezo. Ine ndine munthu wa bizinesi yamakono.

Lachitatu

M'mawa. Ndatsegula, mwayera mbee! Palibe wothamangitsidwa, palibe woterereka. Usiku wapambana, nkhani yatha!

Masana. Ndalankhula msanga. A Mulipa sanangosesa, akonzanso mashelefu. Sopo wagona pamodzi ndi mabisiketi. Machesi ali mu mpunga wa ku Likangala. Mchere uli m'chitini cha shuga. Aphunzitsi aakulu a pa pulayimale apsontha tiyi kamodzi, ayang'ana kudenga, akuti, "Achimwene, nyanjayi yalowa m'kapu?"

Choopsa kwambiri: chithunzi cha Mtsogoleri achipukuta bwinobwino, nkuchikoloweka m'munsi mwa kalendala ya fetereza. M'munsi! Ndakwera pabenchi ngati nyani, ndachibwezera pamwamba anyamata ogulitsa makadi a chipani asanadutse. 

Anachisale nawo akwiya. Akuti tsache analisiya ndi tsitsi lonse, lero lili ndi dazi. A Mulipa akuti anaphera makoswe, ndipo ndiwathokoze.

Lachinayi

Tiyi wazizira m'ketulo. Olowa ndi ochepa, ndipo akugula atatembenukira kukhomo ngati akufuna kuthawa. Nanga chachitika nchiyani?

Amake Lute abwera nacho kuchokera kumsika. Asodzi opita kunyanja usiku akhala akumva kusesa m'sitolo yotseka, shwa, shwa, mumdima, ndi mawu obuula. Ndafunsa a Mulipa. Akuti amadzitsekera m'kati kuopa akuba, koloboyi amazima kuti parafini asathe, ndipo kubuulako ndi nyimbo ya Chilomwe ya agogo awo.

Koma Kachulu waweruza kale: ndili ndi ndondocha. Akuti ndinaukitsa wakufa kuti azindigwirira ntchito usiku. Ine! Amene ndimaimba belu la tchalitchi! Ndipo akumudziwa ndi dzina lomwe, akuti ndi malume anga amene anamwalira chaka chimene nyanja inauma. Malume amenewo ali moyo sanagwirepo tsache. Akayambire kumanda?

Amayi ena afunsa Anachisale pachitsime. Yankho lawo: "Ine za usiku sindizidziwa. Ndimangopeza mwayera." Atero akuyang'ana pansi, akupukusa mutu. Zikomo kwambiri, Anachisale.

Lachisanu

Nzeru ina. A Mulipa akhale pakhonde masana onse, anthu aone kuti wosesa usiku ndi munthu wamoyo, wodya nsima, wokhala ndi khadi la chipani m'thumba.

Zaipiraipira. Munthu sanagone, maso ali psuu, thupi lonse latuwa ndi fumbi, mutu ukugwera pachifuwa. Akapatsidwa moni sakuyankha. Ana a sukulu athawa, wina wasiya ndi sileti yomwe. Mayi wogulitsa mlamba wowamba wafuula, "Amutulutsa kuti awothe dzuwa!"

Zina za lero:
mkulu wa mpingo wabwera "kudzangocheza", wapemphera nthawi yaitali, tiyi wakana;
Che Bwanali atuma uthenga wobwereka mabenchi, akuti kwawo anthu akumwa choimirira;
apongozi akufunsa ngati Lute angakakhale kwawo masiku ochepa.

Madzulo ndalamula kuti osesa onse awiri agwire limodzi, mawa ndi tsiku lalikulu. Alimbirana tsache. Uyu kukoka, uyo kukoka, phwa! A Mulipa atsala ndi mpini, Anachisale ndi dazi lija. Amaliza ndi masache a kanjedza obwereka. Koma kunena zoona, m'sitolo mwanga mukuwala ngati m'chipatala cha mishoni. Bwana abwere!

Loweruka

Wabwera pa njinga yamoto. Kabudula woyera, masokosi ofika m'mawondo. Ndavala taye. Anachisale aima kumanja kwa khomo, a Mulipa kumanzere, aliyense akudikira kutamandidwa.

Bwana walowa. Pansi sanayang'ane. Mashelefu sanayang'ane. Wangoti, "Chimbudzi chili kuti?"



Anachisale: "Kumeneko ndi kwa a usiku, bwana."

A Mulipa: "Usiku kumeneko kumayenda njoka, bwana. Ndi kwa a masana."

Sabata yonse palibe wapitako ndi tsache, ndipo ine ndemwe sindinakuganizire. Bwana wapita yekha kuseri. Wabwerako msanga, mpango uli pamphuno, chipewa chapendekeka. Chigamulo: ndikumbe china chatsopano, chakuya, chokhala ndi chivundikiro ndi chitseko chenicheni, osati chiguduli. Abweranso mwezi ukatha. Laisensi sanalande! Ndatsala pang'ono kumugwira mwendo.

Wakhala pansi, wamwa tiyi, wa shuga weniweni, wayamikira masikono. Ponyamuka wandikokera pambali, wanong'ona: "Za ndondochazo n'zoona? Kunyumba kwanga udzu wakula." Waseka mpaka njinga kukana kulira. Ndiye kuti mbiri yanga yafika ku Zomba ine ndisanafikeko chaka chino.

Lamulungu

Ndaimba belu monga mwa masiku onse. Ulaliki wa lero: ntchito za mumdima. Mpingo wonse makosi atembenukira kwa ine. Ndayang'ana m'buku la nyimbo ngati ndikuliona koyamba.

Potuluka, osesa anga onse atsanzika. A Mulipa akuti dzina lawo laipa, adzukulu awo akukana kudya nawo mbale imodzi, akupita ku chilumba cha Chisi kukawamba nsomba kwa mlamu wawo. Anachisale alembedwa ntchito kwa Che Bwanali, ayamba mawa, ndi beseni lomwe. Ndawafunira mafuno abwino ndi mtima wanga wonse. Ndiwonjezere masikono, asodzi anga akubwerera.

Ndiye mpikisano watha, wopambana palibe. Wosesa ndi ine. Osati masana, osati usiku: madzulo dzuwa lisanalowe, chitseko chili chotsegula, Kachulu yense aziona. Dzenjenso ndikumba ndekha, dzuwa lili pamutu, chifukwa munthu wa mbiri yanga akagwira khasu mumdima ndiye kuti basi.

Amake Lute andibwereka tsache lakunyumba kuti ndiyesere. Akhala pabenchi, miyendo atambasula, kapu ya tiyi m'manja, akundilozera ndi chibwano. "Apo mwasiya, abambo a Lute. Ndi apo." Akuti kapitawo safuna malipiro, bola masikono awiri patsiku.