Dzanja Langa m'Khosi la Pijo ya Apongozi

Mukadzandiona ndavala shati ya manja aatali m'mwezi wa Okutobala, musadzati ndikudzionetsa. Padzanja langa lamanja pali chipsera chozungulira ngati chibangiri, ndipo anthu akachiona sachedwa kufunsa. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikunena kuti ndinachekedwa ndi waya waminga pothamangitsa mbava. Bodzali ndatopa nalo, chifukwa mkazi wanga akalimva amaseka mpaka kutsamwa, komanso mbavayo imatalika msinkhu nthawi iliyonse ndikamafotokoza. Lero ndinena zoona.

Malemu apongozi anga aamuna anasiya galimoto ya Pijo yakalekale, ija ya bodi kumbuyo. Ndiyo inawatulutsa ku Mozambique nthawi ya nkhondo, iwo ndi akazi awo. Nkhondo itatha anzawo anabwerera kwawo, koma iwo anakhazikika ku Ndake, m'boma la Nyimba, n'kumalima chimanga ndi thonje. Atamwalira, galimotoyo inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikira mazira pampando. Alamu anga a ku Lusaka ankafuna aipereke kwa ogula zitsulo. Apongozi aakazi anakana, nati galimotoyo adzaipereka kwa munthu amene angasonyeze kuti akhoza kuisamala.

Mawu amenewo anandilowa mumtima. Ine ndimagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya munthu wina ku Petauke, ndipo moyo wanga wonse ndayendera njinga. Pijo imeneyo ndinkaifuna ngati mmene mwana amafunira nsapato za Khirisimasi.

Injini inali yamoyo ndithu. Vuto linali khosi la thanki, chipaipi chachitsulo chimene chimayambira pothirira petulo n'kutsikira m'kati, kukalumikizana ndi thanki kudzera pa paipi yampira. Dzimbiri linali litalidya, moti ukathira petulo wina ankathera pansi. Ndinakapeza khosi lina kwa bambo wina wophwasula magalimoto akale kuseri kwa msika wa ku Petauke. Atayamba kundilongosolera kaikidwe kake ndinawadula.

"Nidziwa, bambo, nidziwa."

(Sindinkadziwa. Chinthu chachikulu chimene ndinali nditamasulapo chibadwire ndi tcheni cha njinga.)

Ndisanapitirire, mudziwe za ine ndi apongozi aakazi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi tinali tisanayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga Esinati, ngakhale titakhala bwalo limodzi. Sanandionepo ndikudya, sanandionepo wopanda shati, ndipo dzina langa sankalitchula, ankangoti atate ake Miliyamu, potengera mwana wathu woyamba. Anzanga a m'tauni amati n'zachikale, koma iwo ankausunga mwambowu ndi mtima wonse, ndipo inenso ndinkadzitama nawo kuti ndine mkamwini wa ulemu.

Ndinasankha Loweruka lina pamene Esinati ndi ana anapita ku ukwati ku Nyimba, apongozi ali kudimba. Ndinkafuna kuti pobwera adzapeze ntchito yatha, ine ndili pampando ndikupukuta m'manja ngati munthu wozolowera. Kunja kunkatentha monga kumatenthera ku Nyimba mvula isanagwe, choncho ndinavula shati n'kuikoleka panthambi, foni ili m'thumba mwake. Ndinatsala ndi kabudula wakale wong'ambika kumbuyo.

Kuchotsa khosi lakale kunayamba bwino. Ndinatsegula chivundikiro, n'kumasula masikulu atatu amene amagwira khosilo ku bodi. Awiri anamvera, lachitatu ndinalilankhula ndi mwala. Kenako ndinakwawira pansi n'kumasula kilampu, kachitsulo kozungulira kamene kamafinya mpira kuti usavuke. Mpirawo unali utauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo unakana kulisiya khosilo. Ndinatuluka, n'kuligwira ndi manja awiri, phazi nditaponda tayala, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Linazuka mosachenjeza, ine n'kukagwa chagada pa mphasa yoyanikapo mphale. Mboni inali imodzi yokha, galu wa apongozi dzina lake Tilipo, ndipo anangondiyang'ana n'kugonanso.

Ndinadzuka ndili wonyada. Pambali pa galimoto panatsala bowo lozungulira, ndipo chotsala chinali kungolowetsa khosi latsopano. Linalowa, koma kumunsi linakana kukumana ndi mpira uja. Ndikakankha, mpirawo unkapindikira kumbali. Munthu wanzeru akanakwawiranso pansi. Ine ndinaona kuti pansipo pali fumbi lotentha, pamene njira yachidule ili pamaso panga. Ndinasolola khosilo, n'kudzola girisi kudzanja, n'kulilowetsa pabowo paja kuti ndikauwongole mpirawo ndili chiimire.

Dzanja linalowa bwinobwino, mpira ndinauwongoladi. Pofuna kulitulutsa ndi pamene tinasemphana maganizo.

Ndinakoka, mlomo wa chitsulo n'kundicheka. Ndinapotokola uku ndi uku. Ndinapuma, n'kulinyengerera pang'onopang'ono ngati kuti silikuona. Ndinapemphera, koma mwachidule, poopa kuti kumwamba angandifunse kuti dzanjalo linkafunako chiyani. Bowolo lili cham'chiuno, choncho sindikanatha kuimirira kapena kukhala pansi. Ndinali chiweramire, kabudula uja atayang'ana kunjira yochokera kudimba. Foni inalira kawiri panthambi paja, patali masitepe anayi okha. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mango n'kundithawa, chitsulo chinayamba kutentha, ndipo m'katimo ndinkamva dzanja likufufuma ngati mandasi m'mafuta.

Kenako ndinamva nyimbo ya kutchalitchi ikubwera kumbuyo kwanga. Inafika pafupi, n'kudukira pakati pa mawu.

Ndinatseka maso (sindikudziwa kuti ndinkaganiza kuti zithandiza chiyani). Ndinamva khasu likuikidwa pansi, mapazi akuzungulira kutali, mpaka anakaima kuseri kwa galimoto kumene sitikanaonana. Panalibe Esinati woti n'kunyamula mawu. Apongozi anatsokomola, n'kuitana galu.

"Tilipo, iwe Tilipo. Kawafunse atate ake Miliyamu, kodi motoka yawaluma?"

Galuyo anagwedeza mchira. Ndikanavomera, ndiye kuti Pijo yapita.

"Tilipo, uwauze amai kuti palibe vuto. Nipimako chabe mukati."

"Oho. Uwauze apime bwino."

Ndipo anachoka. Ndinawamva akutunga madzi, akusesa, akuolera mphale imene ndinamwaza ija, osafulumira ngakhale pang'ono. Ine thukuta linali kamukamu, msana ukuwawa, zala sindikuzimvanso. Apa mantha anandigwira zenizeni, chifukwa ndinayamba kuganiza za dzanja lodulidwa. Ndinaona kuti galimoto ndaitaya kale, dzanja lokha ndi limene ndingapulumutse.

"Tilipo," ndinatero ndi mawu aang'ono, "uwauze amai kuti nasiliza kupima. Manje kwanja yakana kuchoka."

"Uwauze ninaona kudala. Nenze kuyembekeza kuti akambe okha."

Anabwera ndi beseni la madzi ndi sopo wamtanda, nkhope ataitembenuzira kumbali. Choyamba anandiponyera chitenje kumsana kuti chibise zimene kabudula analephera kubisa, ndipo ndikuvomera kuti sindinayamikirepo nsalu ngati tsiku limenelo. Kenako anandikankhira besenilo ndi mpini wa khasu. Ndinayesa kupaka sopo ndi dzanja lamanzere, koma kutupa kunali m'kati, kumene sopoyo sankafika. Tonse awiri tinadziwa chimene chatsala, ndipo palibe ankafuna kuchitchula, ngakhale kwa galu.

Apongozi, mayi wachikulire wa imvi, anayala thumba la feteleza pansi, n'kumanga chitenje chawo zolimba, n'kukwawira kunsi kwa Pijo. Ndinkangoona mapazi awo okha. Posakhalitsa ndinamva madzi ozizira akuthiridwa padzanja langa m'katimo, kenako zala zolimba zikulipaka sopo. Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze, koma pamodzi ndi manyaziwo ndinafuna kulira, chifukwa analigwira dzanjalo mosamala ngati la mwana wawo.

"Tilipo, uwauze aleke kulimbisa. Chala chikulu achipinde mukati, monga mwamene tichotsela chibangili."

Anandipindira okha chalacho m'chikhatho, n'kufinya zinazo pamodzi, n'kukankha. Dzanja linatuluka kuti phwe, khungu lina n'kutsala pachitsulo. Ndinaongoka, msana n'kulira, ndipo ndinayamba kusuzumira kumene ndingathawire. Koma mapazi aja sanatuluke.

"Uwauze abweletse madzi otentha, ali pamoto. Mpila uyu sukankhiwa ouma."

Ndinathamanga kukatenga. Anavula mpira wonsewo kuthanki, n'kuuviika m'madzi otenthawo mpaka unafewa. Anavekeratu makilampu onse awiri ali omasuka (ine limene ndinamasula lija ndinali nditaliiwala m'thumba la kabudula), n'kuubwezera mpirawo kuthanki. Kenako anandilamula kuti ndipake sopo kukhosi latsopano, ndililowetse pabowo ndikupotokola pang'onopang'ono, iwo akulilandira kumunsi. Masikulu anati ndimange pomaliza, zonse zitakhala m'malo.

Akumanga kilampu anayamba kulankhula, mawu akumveka m'zitsulomo. Anati pothawa nkhondo, chitsa chinagunda khosi lomwelo m'tchire, petulo n'kuyamba kutayika. Amuna awo anali ndi malungo, akunjenjemera osatha kugwira sipanala. Amene analowa pansi ndi iwowo, ali ndi pakati pa alamu anga a ku Lusaka aja, n'kulichotsa, kulimanga ndi lamba wodula ku chubu cha njinga, n'kulibwezera, amuna awo akungowauza chochita ali gone. Kuchokera tsikulo, anati, pansi pa galimotoyi panali pawo, bamboyo ankangodziwa chiwongolero.

Zaka zonsezo ndinkawaona ngati mayi wa khasu ndi nyimbo za kutchalitchi basi.

"Pindilani kumanzele pang'ono. Basi. Manje kankhani."

Ndinapinda, ndinakankha, khosi linakhala m'malo mwake. Ndi pamene ndinazindikira kuti sanatchule galu. Ndinayang'ana uku ndi uku, Tilipo anali atapita kalekale kwa aneba. Nawonso ayenera kuti anazindikira, chifukwa pansipo ndinamva kuseka kotsekera pakamwa. Inenso ndinalephera kudzigwira. Tinaseka, wina pansi wina pamwamba, osaonana nkhope.

Esinati anabwera chakumadzulo n'kundipeza ndavala shati, dzanja litakulungidwa nsanza. Ndinali nditavomereza kale mumtima kuti Pijo ipita ku Lusaka, ndipo zinkandiwawa kuposa balalo. Amayi ake anamuitanira m'nyumba, ine n'kutsala panja ndikumva mkazi wanga akuseka mpaka kumenya khoma. Potuluka anali akupukuta misozi, makiyi ali m'manja.

"Akuti motoka mutenge," anatero. "Akuti munthu wamene avomela kuti yamukanga angaphunzile. Koma bokosi ya masipanala isala kuno. Ikavuta muzibwela nayo, imwe muzigwila tochi."

Ndi mmene zilili mpaka lero. Pijo ndimayendetsa ine, anthu a ku Petauke amandiimitsa n'kumaisirira, ndipo akafunsa amene amaikonza ndimayankha kuti ndili ndi makanika wanga ku Ndake, wodziwa ntchito koma wovuta. Panjira timapatukiranabe ndi apongozi monga kale, koma pa galimoto pokha timalankhulana mwachindunji, iwo ali pansi ine ndili pamwamba.

Ndinaphunzirapo kuti bowo lililonse lolowa dzanja silitulutsa dzanja, ndiponso kuti munthu amene sumuyang'ana kumaso sungadziwe zimene manja ake amatha. Koma ndisakunamizeni kuti ndinasinthiratu. Sabata yatha ndinagula sipanala yangayanga n'kuibisa pansi pa mpando, chifukwa pampu ya mafuta ikuchita kaphokoso kena, ndipo poiyang'ana sikuoneka yovuta kwenikweni. Esinati waiona. Wangoika sopo wamtanda pambali pake.