Rauta Yopalidwa ndi Mpeni

Inu, tamverani za mlamu wanga, mkazi wa achimwene, amene amati nzeru zonse za m'banja mwathu zinathera mwa iwo, ngakhale kusekondale nambala wani ndinali ine.

Mwana wawo wamkazi ankamaliza maphunziro kunja, ndipo mwambowo unkaoneka pa intaneti nthawi ya 3 koloko masana. Poti netiweki ya foni m'nyumba mwawo imayenda ngati nkhono, mlamu anagula rauta, kabokosi kobweretsa intaneti, n'kuitana amayi asanu ndi atatu a kuntchito kwawo kuti adzaone mmene ena amaberekera. Wogulitsa atati abwere adzailumikize, anamukana. "Mawaya awiri okha? Ine si wadzulo ayi."

Analumikizadi, timagetsi n'kuyaka. Koma pansi pa kabokosiko panali chomata cha timalemba, ndipo mlamu ndi zomata samwerana madzi. Kapu yatsopano, ketulo, nsapato, zonse amapala, ati chomata chimaulula kuti sunazolowere kugula. Anatenga mpeni, napala bwinobwino, napukuta ndi kansalu konyowa.

Alendo atadzaza pa sofa, laputopu inafunsa pasiwedi.

"Lembani dzina langa," anatero mlamu. Inakana. Tsiku la ukwati wawo, inakananso, ngati inaliko.

Achimwene anasuzumira m'kabuku ka rautayo n'kufunsa motsitsa mawu. "Mayi, akuti ili pa chomata cha pansi. Chili kuti?"

"M'nyumba muno mulibe zomata, bambo."

"Ndiye mulibenso intaneti."

Paja akuluakulu anati wosesa kwambiri amasesa ndi singano yomwe. Bini inakhuthulidwa pa kapeti, amayi otchena aja atagwada, kufukula m'makoko a mazira ndi m'masamba a tiyi. Tizidutswa ta chomata chija tinayalidwa pa thireyi ya alendo, ndipo amene anatilumikiza ndine, ndi magalasi anga, sikudzitama ayi.

Intaneti itatseguka cha m'ma 5 koloko, tinaona holo yokongola kwabasi, muli abambo awiri akusanjikiza mipando.

Foni ya mlamu inalira. Anali mwana uja, ndipo mlamu anakweza mawu a foniyo kuti tonse timve.

"Amayi, mwandiona?"

"Takuona mwanangu, unatchena zedi."

"Nanga mawu anga aja? Ndanena pa maikolofoni, holo yonse ikumva, kuti mayi wanzeru ngati inu kulibe."

Kenako mayi wina, akudzisasa m'mawondo, anaweramira pafonipo.

"Iwe wangonena, mwanawe. Ife taziona ndi maso."