Wailesi imene ndinawagulira achimwene

Musadzanditume kukagula chinthu cha mabatire. Omaliza kundituma anali achimwene anga aakulu, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Achimwenewo ankagwira ntchito pa kabwalo ka ndege yopopera nzimbe ku esiteti ina kuno ku Chikwawa. Ntchito yawo inali kuthamangitsa ng'ombe pabwalo ndi kukupiza mbendera kuti ndege itere. Ndiye kunamveka kuti za mbendera zatha, amene adzatsale pa ntchito ndi wodziwa kulankhula ndi ndege pa wailesi ya m'manja. Iwo anagulitsa mbuzi zawo kuti akhale ndi yawoyawo, ayambiretu kuphunzira. Woyendetsa ndege anawalozera bambo wina wogulitsa zakale ku Limbe.

Anatuma ine poti ndimadziwa tauni (kudziwa kwake n'kogulitsa mlamba wowamba pamsika basi).

Bamboyo ananditulutsira kawailesi kakuda, kokalikakalika. Nditatsegula kanangoti fwaaa. Ndinapotokola uku ndi uku, olo nyimbo imodzi.

"Ya ndege ndi imeneyi," anatero. "Imalankhula ndege ikayandikira."

"Mwaona wakuchigwa ndiye mwati mumudyere masuku pamutu?" ndinamuyankha. Kwathu wailesi timagula titaimva kulira. Ndinatuluka monyada n'kukagula pa shopu ina: yonyezimira, ya mlongoti wautali, ya tochi, yogwira masiteshoni onse. Wogulitsa analumbira kuti imagwira ngakhale ndege.

Tsiku loyesedwa ndinawaperekeza achimwene. Anavala yunifolomu yosita, mabwana ataima pambali. Ndege itatulukira, anadina batani n'kunena Chingerezi chimene anachiloweza movutikira. Wailesi inayankha ndi kwaya ya amayi. Anadinanso, tochi inayaka. Ndege inangozungulira m'mwamba, ng'ombe zili mbwee pabwalo, mpaka achimwene anaponya wailesi pansi n'kuthamangira mbendera yawo yakale. Anthu anaseka chogwira nthiti. Inenso ndinaseka pang'ono, ndisanaone nkhope yawo.

Mwezi utatha anawachotsa ntchito. Akanandikalipira bwenzi mtima utapepukako. Iwo anangondithokoza m'chilankhulo chakwathu, "Takhuta, m'bale wanga. Unasankha yokongola."

Pano amalima mapira ku Chapananga, khola la mbuzi lili pululu. Ulendo wina nditawayendera ndinalimba mtima n'kuwauza kuti tsopano ndaphunzira, ndidzabwerera kwa bambo uja kukawagulira yeniyeni ija.

Anayamba apukuta thukuta, n'kutolanso khasu.

"Ndizidzalankhula ndi ndani?"