A Pitala ndi Milandu ya Galu Wawo Denja

Ku Lifuwu kuno aliyense ali ndi kake komwe amatchuka nako, koma malemu a Pitala anatiposa tonse: ankazenga mlandu galu wawo. Sindikunena zongomukalipira ayi. Linali khoti lenileni, pansi pa mtengo wa mango, iwo ali pampando wa ndalema atavala jekete lakuda lomwe linali litafiira kale m'mapewa, galuyo ali khale kutsogolo kwawo, lilime panja.

Galuyo dzina lake ndi Denja, ndipo choopsa pa iye ndi dzina lokhalo. Kagalu kofiirira, khutu limodzi logwa, koti nkhuku ya anapiye ikangofutukula mapiko kankathawira kunsi kwa thandala loyanikapo nsomba. Koma Denja akaona kanthu kakang'ono kakuthamanga m'udzu, mutu unkabalalika. Khoswe, gologolo, buluzi, ntchenzi ya m'minda ya mpunga kusikimu, zonsezo ankagwira, kupukusa, n'kudzaika pakhomo pa mbuye wake mchira ukugwedezeka ngati wabweretsa ndiwo za alendo.

Zamakhotizi a Pitala anazitengera kuboma. Akapita ku Salima kukagulitsa mpunga ankathera tsiku lonse kumbuyo kwa khoti kumvetsera milandu ya anthu osawadziwa, madzulo n'kubwerako ndi mpunga wawo womwewo. Pa zanyama nazo ankadzitcha katswiri, chifukwa anapitako ndi a kwaya ku Kuti, kumalo osungirako nyama zakutchire, nyani n'kuwalanda chimanga chootcha. Ine, poti mpanda wathu ndi umodzi, ndinali mboni ya boma pa mlandu uliwonse, kaya ndaona kaya sindinaone.

"A Nancy, khoti likukudikirani!"

"Ndikufutsa usipa, agogo."

"Usipawo wafa kale, sukuthawa. Bwerani mudzalumbire."

Ndikafika ndinkapeza malemu gologolo atagonekedwa pa tsamba la nthochi.

"Woimbidwa mlandu, gologolo uyu anakulakwira chiyani?"

Denja ankayasamula.

"Khoti laona kuti woimbidwa mlandu wayasamula. Mboni, pamene amapha, anachita ukali? Anauwa?"

"Sindinamve, agogo."

"Sanamve! Ndiye kuti kunalibe mkangano."

Chigamulo chinali chimodzimodzi chaka ndi chaka: "Alibe chidani. Ndi mmene analengedwera." Akatero ankakwirira gologolo uja kuseri kwa khitchini, chipewa chili m'manja, n'kumupepesa. Koma ikakhala ntchenzi yonona, maliro kunalibe. "Umboni uwu ukhala m'manja mwa khoti," ankatero, ndipo posakhalitsa tinkamva fungo la umboni akuuwawula.

Tinaseka choncho kwa zaka, mpaka anabwera a Rute. Iwowa anakwatiwa ndi Chrispin wa kabaza ndipo anasamukira nyumba yoyang'anana ndi ya a Pitala, ali ndi kamwana kongoyamba kukwawa, dzina lake Tadala. M'mawa wina Denja, mwa ufulu wake, anaganiza zolonjera anthu atsopanowa. Anapha ng'azi kudambo, n'kuikhwekhwereza mpaka pakhonde pawo, pafupi penipeni ndi mkeka womwe anakhalapo mwana. A Rute potuluka anapeza galu magazi ali kukamwa, akuyang'ana mwanayo.

Mfuu yake inamveka mpaka kudoko.

"Galu akalawa magazi sasiya! Lero ng'azi, mawa mwana wanga!"

Apa panalibe choseketsa. Mlongo wawo wa a Rute analumidwa ndi galu ali wamng'ono kwawo kumtunda, ndipo chipsera ali nacho kumaso mpaka lero. Chrispin anatuluka ndi mpini wa khasu, amuna ena ndi zibonga, onse mawu amodzi: galuyu afe lero. A Pitala anabwera akuthamanga, opanda jekete, opanda nsapato. Ndinawamvera chisoni, chifukwa chimwalirireni akazi awo, a Margret, wolankhula naye m'nyumba muja anali Denja yekha.

"Ana anga," anatero akupuma movutikira, "ngakhale wakupha munthu amayamba waonekera kukhoti. Ndipatseni mlandu umodzi wokha. Akapezeka wolakwa, ndimumanga ndekha pamtengo."

Mudzi wonse unasonkhana pamango paja. A Pitala anavala jekete, n'kulivulanso, kenako, nkhalamba yonse ija, anagwada n'kukhala ndi miyendo inayi.

"Onani galu waukali!"

Anaumitsa khosi, n'kutong'ola maso, n'kuonetsa mano onse omwe anawatsalira, omwe sanali ambiri, uku akulira kukhosi ngati injini ya boti yokana kulira.

"Uyu amakuuzani yekha kuti akudana nanu. Amakuyang'anani m'maso. Tsopano onani wosaka!"

Anakhala chete. Anayamba kunyang'ama, mimba ikukhudza pansi, kumbuyoku akugwedeza mchira womwe analibe, kenako jo! pa patapata wanga.

"Uyu alibe mkwiyo, ali pantchito. Sakuona mdani, akuona chothamanga."

Poti adzuke, msana unakana. Anawanyamula ndi amuna omwe aja a zibonga, akuseka misozi ili mbwee. Atawakhazika pampando anapatsa Denja mutu wa chambo, n'kuulandanso m'kamwa mwake ndi dzanja. Galu anangowanyambita zala.

Yemwe sanaseke ndi a Rute.

"Zisudzo zanu ndaziona, agogo. Koma mwanayu ndi wanga. Nayenso akayamba kuthamanga adzakhala chothamanga."

A Pitala anatembenukira kwa iwo.

"Make Tadala, mwanena zoona. Zomwe zili mumtima mwa galu ndikuziganizira chabe, koma mantha a mayi ndikuwaona ndi maso."

Tsiku limenelo Denja analandira chilango kwa nthawi yoyamba. Asayandikire mwana popanda wamkulu pafupi. Ndiponso avale m'khosi kachitini ka timiyala, kuti kanyama kalikonse kazimumva ali patali, a Rute nawo azidziwa komwe ali. Chrispin anayang'ana mkazi wake, mkazi anagwedeza mutu, mpini unatsitsidwa.

Kuyambira pamenepo mudzi unali kwechekweche kuyambira m'mawa. Denja akanyang'ama, kweche. Akadumpha, kwechekweche. Sanagwirenso ngakhale chiwala. Agologolo anafika pomakhala pampanda kumamuonerera, iye n'kumayenda mutu uli pansi ngati munthu wochotsedwa ntchito. A Pitala jekete analipachika pamsomali, poti milandu inatha.

Okondwa anali makoswe. Anaitanizana ndi abale awo a kusikimu. Anaboola matumba a mpunga, anatafuna maukonde, usipa wa pathandala la a Rute ankaudya dzuwa likuswa mtengo. Atadya ndi chishalo cha njinga ya Chrispin, mpaka makasitomala kumakwera atakhalira chitsulo, zinthu zinafika pamwana wakana phala.

M'mawa wina ndinaona a Rute akuoloka msewu mpeni uli m'manja. A Pitala anaimirira, nkhope itasintha, n'kuima pakati pa iwo ndi galu.

"Make Tadala, walakwanso chiyani?"

"Tapatukani, agogo. Ndabwera kudzachita apilo."

Anawerama n'kudula chingwe cha kachitini kaja.

"Koma lamulo lija la mwana likhale pomwepo."

"Khoti lavomereza," anatero a Pitala, akuthamangira jekete.

Lamulo la mwanalo silinaphwanyidwepo. Tadala anaphunzira kuyenda atagwira khutu logwa lija, mayi ake ali pomwepo, diso lili pa galu. Denja ankangopirira, akuyang'ana kumwamba.

A Pitala anatisiya chaka chatha, nthawi ya mwera, atangodwala pang'ono. Abale awo ochokera ku Lilongwe anagawana katundu, koma galu palibe anamufuna. Ena anayambanso kunong'ona kuti galu wopanda mwini, wozolowera magazi, ndi bwino kuthana naye.

Titangomwazikana pamaliro, m'mawa mwake Denja anabwera ndi khoswe. Anamuika pansi pa mango, kutsogolo kwa mpando wa ndalema womwe abale aja anausiya pamodzi ndi jekete lija poti zinali zakutha, n'kukhala pansi kudikira. Dzuwa linakwera, iye ali pomwepo, akuyang'ana mpando wopanda munthu. Ine ndinalephera kupirira, ndinakalirira kukhitchini.

Ndili komweko ndinamva mawu kuseri kwa mpanda.

"A Nancy, khoti likukudikirani."

Ndinasiya usipa pamoto. Ndinapeza a Rute ali pampando paja, atavala jekete lofiira m'mapewa lija pamwamba pa chitenje, Tadala ali pamwendo.

"Woimbidwa mlandu," anayamba. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. "Alibe chidani. Ndi mmene analengedwera. Tiye kunyumba."

Masiku ano Denja amagona pakhonde pa a Rute. Pamango paja pamangoti zii, ndipo ndikafutsa usipa palibenso wondisokoneza, umapsa bwinobwino, koma sindikondwa nawo. Zikomo, a Pitala, chifukwa chogwada m'fumbi tsiku lija. Pamudzi pano galu akabwera ndi magazi kukamwa, anthu amayamba afunsa chomwe chachitika asanatole mpini.