Makoma Oyenda a ku Chamboli

Kwa Bwana Mkulu wa Zachitukuko, Kampani Yatsopano ya Mgodi,

Mu 1974, ndili Fomu 2, aphunzitsi athu a Nicodemus ananditsekera panja chifukwa chochedwa. Ndinagunditsa khutu pachitseko, koma sindinamve kanthu: njerwa za sukulu ya mgodi sizinkaulula zam'kati. Tsiku limenelo chitseko ndinadana nacho. Lero ndikuchipepesa.

Ndalemba kudzathokoza, bwana mukwai, chifukwa cha sekondale yamakono imene mwatimangira mutagula mgodi.

Choyamba, zikomo pochotsa zitseko ndi kuika makoma a matabwa pamawilo, kuti maphunziro aziyenda momasuka monga ananenera katswiri wanu. Akuyendadi. Mwana wanga Felistas, wa Giredi 12, amamva masamu khutu lino, khutu linalo nyimbo za a Giredi 8. Nyimbozo wazidziwa zonse.

Chachiwiri, kale mgodi unkatibwereka tenti pakagwa maliro. Inu munasiya, ndipo tinkayesa mwatiiwala. Sitinadziwe kuti mawilo aja ndi athu. Tsopano m'komboni mukagwa zovuta, amuna amangokankha khoma limodzi mpaka kunyumba yamaliro kuti litchinge mphepo. Chichotsereni anthu ntchito, makomawo sapuma. Sabata ino ndinakhala pamaliro a Laston, mnzanga wa pansi pamgodi, nditatsamira khoma la kalasi ya Felistas. Samu imene aphunzitsi sanamalize inali ikadali pomwepo, yolembedwa ndi choko. Anamfedwa awiri anayesa kuimaliza, inawakanika.

Chachitatu n'chaching'ono, musavutike nacho. Oyang'anira mayeso anena kuti popanda chipinda chotsekeka, ana athu salemba mu Novembala. Felistas sadandaula. Amangondifunsa ngati khoma labwera.

Nditalemba makalata asanu ndi awiri, mlembi wanu wandiuza kuti mwavomera kundiona Lachinayi, teni koloko, muofesi yanu ya njerwa, ya zitseko ziwiri, kuti tikambirane popanda phokoso. Ndidzavala jekete.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndagwada. Mu Novembala muwabwereke anawa ofesiyo alemberemo, inu mukagwirire ntchito m'kalasi mwawo, momasuka. Khoma la kalasi ya Felistas libwera Loweruka, ngati sipamwaliranso wina.

Ine wanu wodzichepetsa,
Wesley Sakala
Wopuma pantchito mosafuna, Chamboli, Kitwe