Maulaliki Okulungira Mandasi

Ndikulemba izi tambala wanga woyera atapita, ulemu wanga kumpingo utatsika, koma ndikuumirirabe kuti ndinatsata Malemba mzere ndi mzere. Muweruze nokha.

Ine sinditaya pepala. M'chipinda mwathu ku Area 23 muli makatoni: ya malisiti a madzi, ya mapulogalamu a maliro, ya makadi a maukwati (maukwati ena anatha kalekale, koma makadi ake alipo). Katoni ya pamtima panga ndi ya maulaliki onse amene ndalalikira chikhalire mkulu wa mpingo, olembedwa pamanja, lililonse tsiku lake pamwamba.

Akazi anga, mayi a Chisomo, amagulitsa mandasi pa siteji ya maminibasi. Tsiku lina ndikuchokera ku Kawale, ndinaona kondakitala akutafuna mandasi, m'manja muli pepala lonyowa ndi mafuta. Zilembo zanga ndinazizindikira ndili patali. Ndinamupempha pepalalo. Linali theka la ulaliki wanga wa kuleza mtima.

Ndinafika kunyumba mtima ukuwira, n'kupeza katoni yatsika kufika pakati. Munthu wamba akanangokalipa. Ine ndinatsegula Buku Lopatulika. Malemba amanena bwinobwino zochita ndi m'bale amene wakulakwira: umuuze muli awiri, akakana, utenge mboni, akakanabe, uuze mpingo, akapanda kumvera mpingo, umuone ngati wakunja. Nanga mkazi si m'bale mwa Ambuye?

Ndinayamba ndi sitepe yoyamba, titatseka chitseko.

"Mayi a Chisomo, mwandichimwira."

Anayang'ana pepalalo n'kupitiriza kukanda ufa. "Nyuzipepala zakale zikusowa, bambo a Chisomo, anthu akuwerengera pa foni. Nanga mapepala anuwo azingodyedwa ndi mphemvu? Bola awerengeko anthu."

Kulapa kunalibepo. Ndinalemba tsiku.

Loweruka ndinabwera ndi mboni, akulu ampingo anzanga, bambo Mbewe ndi bambo Kalua. Apa ndinalakwitsa nthawi: ndinawabweretsa chiwaya chili pamoto. Mayi anawalonjera mogwada, tiyi pa tebulo, mandasi otentha mbale yodzaza. Ine ndikufotokoza mlandu, mboni zili chetechete, nsagwada zokha zikugwira ntchito.

"Nkhaniyi ndi yolemera," anatero bambo Mbewe nditamaliza. "Mayi, atsalako ena m'chiwayamo?"

Bambo Kalua anandinong'oneza kuti, "Achimwene, za m'nyumba zimayambira kwa ankhoswe." Ndinawayankha kuti m'ndimeyo mulibe mawu akuti ankhoswe. (Ndinali nditayang'ana kale. Mulibedi.) Potsanzikana, aliyense ananyamula kaphukusi ka mandasi ka ana. Ka bambo Mbewe kanali kokulungidwa ndi ulaliki wanga wa mboni zonama.

Panatsala mpingo. Lachinayi timakhala ndi mapemphero a akhristu a m'dera lathu, omwe timawatcha mlaga, ndipo sabata imeneyo anali kunyumba kwa mayi Gondwe, wapampando wa amayi. Itafika nthawi ya zopempherera, ndinaimirira, ndinatulutsa pepala la kondakitala lija, n'kuyala nkhani yonse akazi anga ali pamkeka pomwepo.

Kenaka mayi Gondwe anawomba m'manja.

"Iii! Ndiye ndi inu mumalemba zija? Ine ndimayesa ndi za abusa aakulu a kutali! Zija zoti dzuwa lisalowe tili chikwiyire tinaziwerengera pa mandasi ine ndi bambo a kunyumba kuno, tinayanjana tsiku lomwelo."

(Ulaliki umenewo ndinaulalikira iwowo ali pa benchi yachiwiri, akuwodzera. Ndinawaona ndi maso angawa.)

"Nanga inuyo akulu," wina anafunsa kumbuyo, "dzuwa lalowa kangati chiyambire nkhaniyi?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Amene sanaseke ndi mayi a Chisomo. Anaimirira, n'kumanga bwino chitenje.

"Masitepe a bambowa ndawamva. Yatsala ndi yoti ndikhale wakunja. Musavutike, imeneyo ndikwaniritsa ndekha."

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Chinsapo, kwa achimwene awo, chiwaya ndi chipande zili m'thumba.

Abale anga, wakunja sakuphikira. Wakunja sakuchapira malaya a Lamulungu, sakuuzanso kumene amasunga mchere. Nyumba inakula, ndinkamva ngakhale kuyenda kwa mphemvu. Mbaula inandikanika kukoleza mpaka ndinachita kuyatsira pepala. Musandifunse kuti la m'katoni iti.

Sabata isanathe ndinali ku Chinsapo, chipewa m'manja, mng'ono wanga ali patsogolo monga nkhoswe ya kwathu. Alamu anga, omwe ndi nkhoswe ya kuchikazi, anatisiya tikhale kaye padzuwa.

"Alamu," anatero, "pofunsira mbeta munapita ku mlaga kapena munabwera kwa ife? Lero mwamuvula mlongo wanga pagulu chifukwa cha mapepala, ife tikumvera kwa anthu a m'minibasi."

Ndinayamba kufotokoza za masitepe aja. Mawu a mayi a Chisomo anachokera kuseri kwa chitseko: "Afunseni zimene zili m'munsi mwa ndime yomweyo, zija za kukhululuka kosawerengera."

"Zimenezo ndikuzidziwa," ndinayankha. "Ulaliki wake ndili nawo."

"Munali nawo. Unapita ndi mandasi a Lolemba."

Alamu anandigamula kuti ndipepese pamaso pa ankhoswe, ndiperekenso nkhuku. Tambala wanga woyera anapita motero, ndipo mayi anabwerera, chiwaya ndi chipande zomwe. Pangano lathu ndi lakuti mapepala okulungira ndizisankha ndine. Masiku ano ulaliki ndimalemba waufupi, wokwana tsamba limodzi, kuti wogula asamalandire theka.

Lamulungu lapitali ndinalalikira za kudzichepetsa, ndipo anthu anawodzera monga mwa nthawi zonse. Potuluka mayi Gondwe anandigwira dzanja.

"Musadandaule akulu, tiuwerenga mkati mwa sabatamu."

Pepala la kondakitala lija lokha ndi limene silidzakulunganso kanthu. Ndinalisunga m'katoni yakeyake, tsiku ndinalemba pamwamba. Munthu sadziwa, mlandu utha kudzayambiranso.